Ndalama za Pakhomo ndi Mapulasitiki a Kumsika: Kabuku ka Mabanja a ku Kaumbwe

Banja la mlimi kuno kwathu limagwira ndalama zooneka kamodzi pachaka, koma limagula tsiku ndi tsiku. Ndalama za thonje, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi chimanga zimabwera pakati pa Meyi ndi Seputembala, pomwe mchere, sopo, saladi ndi chigayo sizidziwa mwezi. Mavuto ambiri a ndalama m'midzi ya ku Kaumbwe, kwa Mwanjawanthu, kwa Mumbi mpaka kwa Ndake ku Nyimba, amabadwira pampata umenewu. Timagulitsa ndi thumba mitengo ili pansi, kenaka timagula ndi kapulasitiki mitengo itakwera. Timapulasitiki timene tamwazikana kuseri kwa nyumba zathu sitinabwere tokha. Kalikonse kanabwera katakulunga kanthu kakang'ono kogulidwa modula.

N'chifukwa chake kabuku aka kakukamba za ndalama ndi za zinyalala ngati nkhani imodzi. Banja likasintha kagulidwe, ndalama zimakhalitsa ndipo zinyalala zimachepa zokha. Muwerenge muli awiri, abambo ndi amayi, ndipo ana okulirapo akhalepo, chifukwa ndiwo amatumidwa kukantemba.

Yambani ndi nkhokwe

Musanawerenge ndalama, werengani chakudya. Funso loyamba mukakolola si lakuti ogula akupereka zingati, koma lakuti banja lino limadya zingati mpaka chimanga china chidzapse. Ambiri timayankha mongoganizira, ndipo kuganizira kwa mwezi wa Juni, mimba zili zokhuta, kumanama.

Yesani chonchi. Kwa mwezi wathunthu, lembani pakhoma kapena kumbuyo kwa kope la mwana tini iliyonse imene yapita kuchigayo. Tiyerekeze kuti banja lanu limagaya tini imodzi ya malita 20 pa sabata. Pachaka ndi matini 52. Matini atatu amadzaza pafupifupi thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti mukufunika matumba 18. Apa musaime. Pali maliro, pali alendo, pali aganyu opalira m'Disembala amene amafuna chimanga osati ndalama, pali apongozi amene simungawabweze chimanjamanja. Onjezani matumba atatu kapena anayi. Matumba amenewa si a malonda, ndipo onse pakhomo adziwe choncho. Zotsala ndizo mungakambe zogulitsa.

Tonse tikukumbukira 2024. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mu 2023 bungwe la Food Reserve Agency (FRA) linkagula thumba pa K280. Amene anasesa nkhokwe yonse chifukwa mtengowo unkaoneka wabwino anadzagula chimanga chomwecho ndi meda, pamtengo wowawa. Amene anasiya matumba angapo apadera anapuma. Mu 2024 FRA inakweza mtengo kufika pa K330, ndipo mu 2025 pa K340. Gawani K340 ndi makilogalamu 50, mupeza K6.80 pa kilogalamu. Sungani nambala imeneyi m'mutu, mudzaiyerekeze ndi mtengo wa meda pamsika m'Januwale kapena wa kapamela ka ufa pakantemba. Kusiyana kwakeko ndi ndalama imene mumalipira chifukwa chogulitsa chakudya chanu msanga.

Kusunga chimanga kuli ndi phindu pokhapokha ngati anankafumbwe sakudya nanu. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba. FRA imafuna chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti, ndipo poti makina oyezera mulibe pakhomo, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo mchere wouma pang'ono ndi chimanga chodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani, ndi kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba otsekera mpweya, monga a PICS amene anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi saka kunja. Mukamanga lililonse palokha mwamphamvu, tizilombo timafa chifukwa chosowa mpweya, osathira mankhwala. Ndi okwera mtengo kuposa saka wamba, koma akapanda kubooka amagwira ntchito nyengo zingapo. Apa ndi pamene pulasitiki ili ndi ntchito yeniyeni. Aikeni pathandala, asagunde khoma, ndipo makoswe muwathane nawo, chifukwa kabowo kamodzi kamaononga zonse.

Kuchigayo, mgaiwa umatulutsa ufa wambiri pa tini imodzi kuposa chimanga chokonola. Mukakonola, gaga ndi wanu. Musamusiye kuchigayo kuti mwini chigayo adzakugulitseninso nkhumba zanu zikamalira.

Chaka chonse pa tsamba limodzi

Tengani pepala, lembani miyezi 12 kuyambira Meyi. Pa mwezi uliwonse lembani ndalama zazikulu zimene mukudziwa kale kuti zidzafunika. Okutobala ndi Novembala ndi mbewu, feteleza ndi K400 ya pulogalamu ya boma ya FISP kwa amene ali m'kaundula. Disembala ndi Januwale ndi aganyu, mankhwala a ntchemberezandonda, ndi sukulu. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma sizilipiritsa fizi, koma yunifolomu, nsapato, makope ndi zofunika mwana wa kuboding'i zikadali pamutu pa makolo. Febuluwale ndi mwezi wa malungo ndi ulendo wa kuchipatala, kaya ku Minga kaya ku boma. Epulo ndi Meyi ndi masaka ndi ngolo yotutira. Musaiwale dibi ndi katemera wa ng'ombe.

Ndalama za zokolola zikafika, gawani tsiku lomwelo, musanapite ku boma. Kuyambira Malichi 2025 tili ndi ndalama za pepala za K200 ndi K500. N'zosavuta kunyamula, koma K500 ikangosinthidwa pogula kabotolo ka zoziziritsa kukhosi, yotsalayo imasungunuka osadziwa kumene yapita. Popita kumsika nyamulani ndalama ya zimene mwalemba, yotsala ikhale kunyumba kapena mufoni.

Kukambirana kumeneku kumavuta m'mabanja ena, tisabise. Thonje amati ndi la abambo, nshawa ndi za amayi, koma ndiwo za tsiku lililonse zimagwera amayi okha. Mawu oyambira sayenera kukhala a mlandu. "Atate ake mwana, tisanagulitse, tiyeni tione za feteleza ndi za sukulu." Kapena abambo: "Amake mwana, saladi ndi sopo zimatha zingati pamwezi? Ndiuzeni ndilembe." Abambo ambiri sadziwa yankho la funso limeneli, ndipo akalimva amadabwa.

Mtengo wobisika wa tinthu ting'onoting'ono

Taonani zimene zimachitika madzulo aliwonse. Poto wa ndiwo ali pamoto, mwana wathamangira kukantemba ndi K5. Wogulitsa akutunga saladi ndi kachivindikiro, akuthira m'kapulasitiki kopyapyala, akupotokola, akumanga mfundo. Mwana akubwera akukazunguza kuchala. Amayi akuluma pakona, akufinyira mumphika, ndipo mafuta ena atsalira m'makwinya a kapulasitikiko. Kenaka kaponyedwa pabwalo, pomwe mbuzi ikudikira. Mawa zomwezo. Mchere chimodzimodzi, shuga chimodzimodzi, sopo wochapira wa m'kapaketi chimodzimodzi.

Palibe chifukwa chonyozera mayi ameneyu. Amagula pang'ono chifukwa ndalama ili m'manja ndi yochepa, ndipo wa kantemba nayenso akusaka ya ana ake. Koma kugula kotere n'kodula, ndipo mungadzionere nokha osadalira mawu a kabuku. Pezani botolo lopanda kanthu la mamililita 750. Tsiku lina gulani kasaladi ka K5, thirani m'botolomo, ikani chizindikiro pamene mafuta alekezera. Yerekezani kuti timapulasitiki tingati tingadzaze botololo, chulukitsani ndi K5, ndipo funsani mtengo wa botolo lodzaza mushopu. Chitaninso choncho ndi shuga, pogwiritsa ntchito kapu ndi paketi ya kilogalamu imodzi. K5 ya tsiku lililonse ndi K150 pamwezi, ndi timapulasitiki 30 pabwalo. Ndi mabanja ochepa amene angapite kushopu n'kutulutsa K150 ya saladi osaganiza kawiri, komabe ambiri amaitulutsa mosazindikira.

Wogulitsa aliyense amene katundu wadutsa m'manja mwake amaikapo phindu lake, ndipo kapulasitiki nakonso amachita kugula. Zonsezo amalipira ndi wogula womaliza, amene kawirikawiri ndiye wosauka kuposa onse. Tinaona kale mphamvu ya timapaketi pa nkhani ya tujilijili. Mowa waukali utaikidwa m'timapulasitiki totchipa unafika m'matumba a ana a sukulu, mpaka boma linauletsa mu 2012. Chinthu chikagawidwa ting'onoting'ono, munthu saona kuchuluka kwa ndalama imene akutaya. Lero tayang'anani timapaketi ta zokhwasula-khwasula ta ana ndi timadzi tozizira totsekemera. Mwana wopita kusukulu atanyamula nshawa zokazinga, mbatata yophika kapena nthochi amakhuta kuposa wa K2 ya zokhwasula za m'paketi, ndipo njira ya kusukulu siyera ndi mapepala.

Kugula pamodzi

Banja limodzi silingakwanitse chigubu cha saladi cha malita 20. Mabanja asanu angakwanitse, aliyense n'kutenga malita anayi m'chigubu chake. Njira imeneyi si yachilendo, popeza tili kale ndi chilimba, magulu a banki ya m'mudzi, makopaletivu ndi magulu a amayi kumpingo. Chofunika n'kuonjezapo kagulidwe ka zinthu za pakhomo, makamaka pakati pa Juni ndi Seputembala ndalama zikadali m'manja.

Zoyenera kugula motere ndi zimene sizionongeka msanga: saladi, mchere, sopo wamtanda, bale ya shuga, machesi, makope a sukulu, ndi kapenta wouma bwino. Tumani anthu awiri ku Petauke boma kapena ku Nyimba, afunse m'mahoselo awiri kapena atatu asanagule, abwere ndi lisiti. Ndalama ya thiransipoti muiwerengere pamtengo wa katundu, chifukwa nthawi zina ulendo umadya phindu lonse. Ngati wina akupita kale ku boma kukagulitsa mbewu kapena kukatenga feteleza, ulendo wake ndiwo ugwire ntchito ziwiri. Pogawana, onse akhalepo, ndipo muyeso ukhale umodzi, kapu yomweyo kapena botolo lomwelo kuyambira woyamba mpaka womaliza. Magulu ambiri amatha chifukwa cha kapu imodzi ya shuga yosadzaza bwino, osati chifukwa cha kuba kwenikweni.

Pali msampha umene aliyense wogula zambiri amaudziwa. Chinthu chikachuluka m'nyumba, dzanja limalemera. Shuga wa miyezi itatu angathe m'masabata atatu ana akaona pamene ali. Amayi apungule za sabata imodzi m'kabotolo, zotsalazo zikhale zotsekera. Ndiye pali aneba. Akamva kuti kwa uje kwafika chigubu, kapu zimayamba kubwera pakhomo. Kupatsa n'kuika, ndipo mawa ndinu mudzapemphe moto, choncho musamane. Koma patulani kabotolo kopatsa, kakatha katha. Chabwino koposa n'kuwaitana anebawo kuti ulendo wotsatira alowe nawo m'gulu.

Saladi asungidwe pamthunzi, wotseka bwino, chifukwa dzuwa limamusasitsa. Mchere ukhale wa ayodini, m'chitini chouma chokhala ndi chivindikiro, kutali ndi nthunzi ya pamoto. Sopo wamtanda mudule zidutswa, muziike pamwamba ziume, chifukwa sopo wouma sasungunuka msanga. Kapenta muzimuanika kawirikawiri.

Zimene simuyenera kugula konse

Petauke ndi kwawo kwa nshawa ndi mpendadzuwa, choncho n'zomvetsa chisoni kuona banja lagulitsa mpendadzuwa wonse kenaka n'kumagula saladi wa m'kapulasitiki chaka chathunthu. Kumene kuli makina oyengera, siyani matumba angapo, muziyenga pang'onopang'ono, ndipo zotsalira zake mubwere nazo kuti zikhale chakudya cha nkhumba ndi nkhuku. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa saladi pa chibwabwa, repu, bonongwe ndi chigwada, ndipo kwa ana ndiwo zotendera n'zopatsa thanzi kuposa zokazinga. Sankhani nshawa musanasinje. Zofota, zachuku ndi zowawa mutaye, musapatse ana kapena kuika m'chiponde, chifukwa chuku cha nshawa chili ndi poizoni woononga chiwindi amene satha ndi moto.

Mfutso ndi ndalama yosungidwa. M'Febuluwale ndi Malichi masamba a nyemba, khwanya, chibwabwa ndi therere zimachuluka mpaka kuzitaya, koma m'Okutobala timakagula mpukutu wa repu wofota pamtengo wokwera. Agogo athu ankafutsa, n'kukulunga m'masamba a msuku, n'kumanga chikwatu, n'kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Chikwatu chikatha, masamba akewo ankangowola. Mango a m'Disembala, bowa ndi mbatata zodula n'kuanika zimasungikanso. Amene ali pafupi ndi dimba, kabedi ka tomato ndi anyezi kamachotsa ndalama ya tsiku ndi tsiku imene imapweteka kwambiri.

Popita kumsika

Lamulo lilipo. Mu 2018 boma linatulutsa Statutory Instrument nambala 65, imene inaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki onyamulira katundu opyapyala kuchepera mamaikuloni 30, ndipo bungwe la ZEMA ndilo limayang'anira. Mamaikuloni 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndiye mukuona kupyapyala kwake. Kwa anansi athu ku Malawi malire ake ndi mamaikuloni 60. Lamulo lathuli litayamba kugwira ntchito, mashopu akuluakulu anayamba kugulitsa pulasitiki yonyamulira m'malo mongopereka. Koma m'misika ya kumudzi timapulasitiki tong'ambika ndi tomato atatu tikadalipo, ndipo palibe wa ZEMA amene adzaime pa kantemba kalikonse. Wogula ndiye angasinthe zinthu.

Pakhomo pakhale dengu kapena chikwama cha kumsika, chopachikidwa pamalo amodzi, m'kati mwake muli kale botolo la saladi, kachitini ka mchere, kambale kotseka ka nyama kapena nsomba, ndi kathumba ka nsalu ka nyemba kapena kapenta. Chitenje chakale chimatulutsa timatumba tinayi kapena tisanu kwa telala, ngakhale kusoka pamanja. Saka la ufa lochapa bwino likaikidwa zogwirira limanyamula katundu wolemera panjinga kwa chaka. Madengu ndi malichero amalukidwa konkuno, ndipo aliyense wodutsa pa Luangwa Bridge amaona mmene amadzazira m'mbali mwa msewu. Kugula dengu n'kusiya ndalama kwa mmisiri wa m'dera lathu.

Mukafika, nenani msanga wogulitsa asanatambasule pulasitiki: "Amama, thirani muno, pulasitiki isiyeni." Ogulitsa ambiri amakondwa chifukwa mwawasungira kandalama, ndipo si zachilendo kuti mbasela ikule. Nthochi za pa Nyimba, mbatata, maungu, kabichi ndi mango zili ndi chikopa chake, sizifuna chokulunga china. Vitumbuwa, tchipisi ndi nyama yootcha zikadali zotentha zilowe m'mbale, osati m'pulasitiki yopyapyala kapena m'nyuzipepala.

Lembani zogula musanachoke pakhomo, ndipo idyani kaye. Munthu wanjala pamsika amagula ndi mimba. Za salaula, funsani ngati chovalacho chikufunika lero kapena mwangokopeka ndi kukuwa kwa wogulitsa. Chenjeraninso ndi amalonda amene amazungulira m'midzi nthawi yokolola ndi mabeseni, mbale za pulasitiki ndi zitenje, n'kumasinthanitsa ndi chimanga. Poti palibe ndalama imene yatuluka, zimaoneka ngati mwapeza chaulere. Werengani mameda amene mwapereka, muwaike pamtengo wa m'Januwale, muone beseniyo mwaigula zingati. Pogulitsa mbewu, yang'anani ngati sikelo ili ndi chizindikiro cha Zambia Metrology Agency, ndipo meda yofutukuka m'mimba chifukwa choiphika kapena kuimenya muikane.

Ngongole ndi ndalama za mufoni

Kaloba amakoma tsiku lotenga lokha. Ngongole yotenga m'Januwale kuti mudzabweze ndi matumba m'Meyi ndiyo njira yachidule yogulitsira chimanga chanu pamtengo wotsikitsitsa chisanakhwime n'komwe. Ngati muli m'gulu la banki ya m'mudzi, kongolani pa chinthu chimene chidzabweza ndalamayo, monga mbewu, kabizinesi kapena mwana wa mbuzi, osati zovala za Khirisimasi. Ndipo kambiranani za mwezi wogawana. Magulu ambiri amagawana m'Disembala, ndalama n'kuthera m'zikondwerero. Gulu logawana kumayambiriro kwa Okutobala limapatsa mamembala ake ndalama pamene feteleza ndi mbewu zikufunika. Ndi kusintha kwakung'ono, koma m'mudzi wa alimi n'kwanzeru kuposa malangizo ambiri a m'kabuku kano.

Kusunga ndalama pa Airtel, MTN kapena Zamtel kumathandiza chifukwa chiswe, moto ndi dzanja loyabwa sizifikako. Koma kutapa kulikonse kuli ndi mtengo, ndipo kuyambira Januwale 2024 palinso msonkho wa boma potumizirana ndalama. Werengani pepala la mitengo limene limamatidwa pa kabuthi ka ejenti, muone kuti kutapa kamodzi ndalama ya mwezi kumasiyana bwanji ndi kutapa pang'onopang'ono kasanu. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa kukampani. Ndalama ya mabando ndi ya kubetcha pa mpira ilembedwenso pa pepala lija la miyezi 12. Anyamata ena amadabwa akaona kuti pamwezi yaposa ya sopo wa banja lonse.

Pulasitiki imene yalowa kale pakhomo

Ngakhale mutasamala bwanji, ina idzalowabe. Choyamba, isagone pabwalo. Tikakolola, ziweto zimamasulidwa kuti zidye mapesi, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimatola kapulasitiki kalikonse konunkhira mchere kapena mafuta. M'chifu sikagayika. Timapulasitiki timapotana ndi zingwe za masaka n'kupanga chimpira cholimba. Chiweto chimaonda ngakhale msipu ulipo, mimba imatupa, ndowe zimachepa, ndipo mwini wake amataya ndalama pa mankhwala a njoka za m'mimba osaona kusintha. Palibe mankhwala omwetsa amene amasungunula pulasitiki. Ambiri amadzadziwa chimene chinavuta pa tsiku losenda. Ng'ombe yapagoli ikafa m'Okutobala, munda wa chaka chimenecho wapita nayo.

Chachiwiri, musakolezere moto ndi pulasitiki. Chizolowezi chimenechi chafala chifukwa mbaula imayaka msanga, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa, ndipo amene amaupuma ndi amayi owerama akukupiza ndi mwana ali kumbuyo. Zitsononkho, makoko a nshawa ndi udzu wouma zimakoleza bwino lomwe. Musavindikirenso mbatata, chimanga chachiwisi kapena mpunga ndi pulasitiki pophika. Tsamba la nthochi kapena makoko a chimanga amagwira ntchito imeneyo.

Kumbani maenje awiri. Limodzi ndi la zowola: makoko, phulusa, zinyalala za pabwalo, zitosi ndi ndowe. Limeneli ndi manyowa a kudimba, ndipo pulasitiki isaloweko, chifukwa ikafika m'munda imakola khasu ndi pulawo zaka ndi zaka. Lachiwiri ndi la zosawola, likhale lakuya, lotchingidwa kuti nkhumba ndi ana asafikeko, kutali ndi chitsime, ndipo muzikwirira ndi dothi nthawi ndi nthawi. M'chimbudzi musaponyemo mapulasitiki ndi mabotolo, chimadzaza msanga ndipo kukumba china ndi ndalama. Matewera ogula otaya ndi vuto latsopano m'midzi yathu. Agalu ndi nkhumba zimawafukula n'kuwamwaza mpaka kumjigo. Pakhomo gwiritsani ntchito a nsalu, ogulawo asiyireni paulendo wa kusikelo kapena wa pabasi, ndipo mukatha muwakwirire mozama. Mabatire akutha a tochi ndi wailesi asaponyedwe pamoto kapena kusiyidwa kuti ana aziwaswa.

Zambiri zili ndi ntchito yachiwiri. Mapaketi a shuga ndi a mchere, mukawaboola pansi, ndi machubu abwino ofesera mitengo, kaya ya zipatso kaya gliricidia amene a bungwe la COMACO amalimbikitsa alimi kubzala m'minda. Mabotolo a zakumwa otsukidwa ndi kuumitsidwa bwino amasunga mbewu ya nyemba, khobwe ndi maungu osafumbwa, bola adzaze ndi kutsekedwa zolimba. Zigubu za saladi ndi zotungira madzi. Masaka a feteleza ochapa ndi onyamulira makala ndi manyowa, kapena kusoka chinsalu choanikira. Koma musatolere thonje m'masaka amenewa kapena kumanga ndi zingwe zake, chifukwa ulusi wa pulasitiki ukasakanikirana ndi thonje umaononga nsalu kufakitale, ndipo ogula amadandaula nazo chaka ndi chaka.

Chidebe chimodzi chokha chilibe ntchito yachiwiri, ndicho cha mankhwala a m'munda. Kuno timalima thonje, ndipo mankhwala opha udzu afala, choncho mabotolo amenewa ali pafupifupi pakhomo lililonse. Ndi olimba, ali ndi chivindikiro chabwino, ndipo amakopa kuti muikemo mchere, mkaka, saladi kapena madzi a kumunda. Musayese. Mankhwala amalowerera m'pulasitikimo, ndipo sopo ngakhale madzi otentha sawachotsa onse. Botolo likatha, thiranimo madzi pang'ono, tsekani, khutchumulani, tsanulirani m'sipuleya, ndipo chitani choncho katatu, madziwo mukapopere m'munda momwemo. Kenaka liboolani pansi ndi msomali kuti wina asadzalitole. Musalitsukire kumtsinje, kudimba kapena pamjigo, ndipo musalitenthe. Sonkhanitsani mabotolo oboolawo m'saka limodzi, mulipachike pamene ana safika, kunja kwa nyumba yogona ndi kutali ndi nkhokwe, ndipo funsani alangizi a zaulimi a kukampu kwanu kapena woimira kampani ya thonje kumene mungawapereke. Timatumba ta mbewu yogula, ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, nato tisasungire chakudya, ndipo mbewu yotsala isaphikidwe kapena kupatsidwa nkhuku ngakhale njala itavuta chotani.